Foro ya ku Mualadzi siyenda yokha

Ndinanyamuka mumzinda wa Tete kusanache bwino, nditanyamula kachikwama ka zovala ndi botolo la madzi. Ndinkapita ku Chifunde kukafuna chinthu chimene munthu wamutu wake sangachiyendere ulendo: zophimba za m'kati mwa zitseko za galimoto, zija pamakhala chogwirira ndi chopukusira galasi. Amakaniko kuno amazitcha maforo.

Galimotoyo ndi ya abambo anga. Unyamata wawo wonse anali woyendetsa wa ansembe pa mishoni ina, ndipo galimoto yachifalansa imene ankayendetsayo itatopa, ansembe anawapatsa ngati zikomo. Inakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Maso a abambo atafa ndi matenda a shuga, ine mphunzitsi wosadziwa ngakhale pothira mafuta ndinaganiza zoidzutsa. Mesitiri Zakariya, makaniko wa m'dera lathu, anaigwira mpaka injini inalira. Koma maforo akale anali atadyedwa ndi chiswe, ndiye anadula matabwa opyapyala n'kuwakuta ndi chikopa chapulasitiki chatsopano, chonyezimira bwino.

Tsiku lowakweza, abambo anakhala pampando wawo, nagwira chiwongolero, n'kumwetulira. Kenako dzanja linapita kuchitseko. Linayendayenda pamenepo pang'ono, kumwetulira kuja kunazima.

"Filomena, wandikweza shapa ya yani?"

Shapa ndi maminibasi onyamula anthu kuno. Anatsika, ndipo sanafunenso kuiyandikira. Thupi lawo linali likutha tikuona, chakudya akungochilawa. Ndinazindikira kuti ndikapanda kupeza maforo enieni, abambo adzapita asanayendemo m'galimoto yawo. Ndi iwo omwe, tsiku lina akulankhula ngati akulota, anatchula kuti magalimotowo anabwera awiri, ndipo inzake inapita cha ku Mualadzi, m'boma la Chifunde. Umboni wanga wonse unali umenewo.

Shapa yopita ku Cassacatiza, kumalire a Zambia, ndinaipeza kutsidya kwa mlatho wa Zambezi. Wolipiritsa analandira mametikali anga mazana asanu n'kundilonjeza kuti tinyamuka pompano. Pompano wakeyo anatha dzuwa litakwera. Anandipanikiza pakati pa mayi wa ndowa ya nsomba zouma za chikowa ndi bambo wina wa jekete lakuda, amene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi asanafunse.

"Ndi maliro, mayi?"

"Ayi. Ndikukafuna mbali ya chitseko cha galimoto ku Mualadzi."

"Ku Mualadzi?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwasiya magalimoto onse aja mu Tete. Kumeneko mukapeza chimanga ndi fodya basi."

Mtima wanga nawo unkanena zomwezo.

Poyamba msewu unadutsa m'dziko lathu lotentha la milambe ndi mbuzi zoonda, ana akugulitsa masawu pamawindo. Pa Manje tinaima, ndinadya nyama ya mbuzi yootcha ndi pau, buledi wolimba ngati wa dzana. Titapitirira, dziko linayamba kusintha. Milambe inatha, mitengo inathithikana, ndipo mapiri a miyala yosalala anayamba kutulukira, ena atasenza mwala pamwamba pa mwala ngati wina anachita kusanja. Ine ndinabadwira mumzinda, mapiri amenewa ndimangowaphunzitsa pabolodi. Titawoloka mtsinje wa Luia ndinaona mchenga woyera, madzi akuyenda m'timizere, ndi amayi atayanika makapulana, zitenje zamitundumitundu, pamiyala, ndipo ndinaiwala fungo la nsomba lija. Malole akuluakulu ochokera ku Zambia ankatidutsa, shapa yathu n'kumanjenjemera yonse.

Ndinatsikira pa Nsadzo dzuwa litapendeka, n'kugona kwa mphunzitsi mnzanga amene tinaphunzira limodzi. Mwamuna wake anandipezera wa mota, njinga yamoto, aJulio, bambo wachete amene anati andiyendetsa tsiku lonse ndi mametikali chikwi, mafuta ake.

M'mawa tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi. Apa ndi pomwe ndinadziwira kuti msana wanga uli ndi mafupa ambiri. Tinadutsa minda ya mapesi ouma, zigafa za fodya ndi nkhokwe zodzaza mpaka kukamwa. Paliponse pamene tinaima, aJulio ankatsika, kupereka moni wonse mwadongosolo, kufunsa za ana ndi za zokolola, ine ndikuwira m'kati, kenako n'kufunsa za galimoto ya ansembe. Ena ankapukusa mutu. Koma agogo ena aamuna amene ankakonza tcheni cha njinga m'mbali mwa msewu analoza ndi sipanala.

"Pitani kumudzi wa kuseri kwa phiri ilo. Mukamva belu la kapela, ndi iyo ikulira."

Ndinaganiza kuti ukalamba wawasokoneza. Tinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo pamtengo wa pakhomo pa kapela, katchalitchi ka njerwa zosaotcha, panalendewera chitsulo cha gudumu. Ndinachizindikira nthawi yomweyo, chifukwa zinzake ndazipukuta ndi manja angawa. AKatekisita Domingo, bambo wamtali wa imvi, atamva kuti ndadzera galimotoyo, sanadabwe n'komwe. Anangoti, "Tiyeni muione."

Kuiona kwake kunali kuyenda mudzi wonse. Chivundikiro cha injini chinali chitseko cha khola la mbuzi. Mpando wakumbuyo unali pakhonde pawo, pokhala alendo. Nyali imodzi, ataitembenuza, inali mbale ya madzi odalitsidwa pakhomo pa kapela, ndipo galasi loonera kumbuyo linali kwa wometa. Ndinkayenda kumbuyo kwawo tsitsi likundinyerenyetsa, chifukwa galimoto imene ine ndinavutika kuilumikiza kwathu, kuno inali yomwazika, koma chidutswa chilichonse chinali pantchito.

AKatekisita anafotokoza kuti galimotoyo inali ambulansi ya dera lonse. Nthawi ya nkhondo inatuta anthu kupita nawo kumalire mpaka inafera pamudzi pomwepo. Otsalawo anayenera kuthawa wapansi, mvula ikugwa. Amayi anazula maforo m'zitseko, poti ndi opepuka ndipo salowa madzi kumbali yachikopa, n'kuwasenza pamutu kuti makanda akumbuyo asanyowe. Ku Zambia ana ankagona pamenepo. Mtendere utabwera, anabwera nawo.

"Alipo?" ndinafunsa.

"Funsani eni ake. Zimenezo ndi za amayi."

Mwini wake anali Amayi Rozalina, mtsogoleri wa gulu la amayi a mpingo, munthu wamfupi wa maso osaphethira. Anayamba kundionetsa kangolo kokokedwa ndi njinga, konyamulira odwala kupita nawo kuchipatala. M'mbali mwake, uku ndi uku, munali maforo a zitseko zakumbuyo, kuti mayi wapakati akamva kupweteka apeze pogwira. Kenako anandilowetsa m'kapela, natulutsa kuseri kwa guwa chinthu chokutidwa ndi kapulana. Foro ina ya chitseko chakutsogolo inali kunyumba ya wodwala. Iyi inali ya chitseko cha woyendetsa.

Atavundukula, ndinagwada osadziwa kuti ndagwada. Chikopa chake chinali chofiira moderako, cha mizere yosokedwa, ndi kathumba m'munsi kamene mphira wake unali ukadakoka. Chinkawala mofatsa chifukwa amayi amachidzoza mafuta a nsatsi akamaliza kukolola. Pachogwirira panali timaenje tosalala, mmene zala za anthu zinadyera. Amati wodwala akafika poti sangathe kudzuka yekha, amamangirira foroyo pakhoma pafupi ndi mphasa yake, kuti azigwira podzuka, kapenanso ululu ukakula usiku. Ndinaika zala zanga m'timaenjemo, ndipo ndinachita mantha ndi kuchuluka kwa manja amene anapitapo.

Ndiye ukumzinda wanga unandigwira. Ndinatsegula chikwama n'kunena kuti atchule mtengo uliwonse, ndipo ndidzawatumizira maforo ena atsopano. Amayi ena amene anaima pakhomo anayang'ana pansi. Amayi Rozalina anakutanso kapulana pang'onopang'ono, n'kumanga mfundo.

"Aphunzitsi, mwayenda ulendo wautali. Tiyeni mukadye."

Ndinadya mbatata ndi chiponde ndili ndi manyazi, aJulio akudya zawo mwamtendere ngati palibe chachitika. Ndinali nditataya mwayi. Ndinkaganiza za mmene ndikalowere pakhomo pathu chimanjamanja, abambo n'kumva kuyenda kwanga n'kudziwa okha. Misozi inayamba kugwera m'mbale, ndipo Amayi Rozalina anakhala pansi pambali panga.

"Kodi chikopa chakale ngati chimenechi mumati mukachite nacho chiyani? Ku Tete kwatha zatsopano?"

Ndinawauza zonse, za mazira a nkhuku, za maso a abambo, za dzanja lija pachitseko. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandikalipira ngati mwana wa kalasi yoyamba.

"Muli ndi wodwala kunyumba, inu n'kuyamba ndi chikwama? Mukanati kwathu kuli matenda, bwenzi pano muli panjira. Cha galimotoyi sitimana wodwala, kaya ndi wa mpingo, kaya si wa mpingo. Koma sichigulitsidwa, ndipo sichiyenda chokha. Chimapita ndi mmodzi wa ife, akaone pamene chikukakhala."

"Mpaka ku Tete, amayi?"

"Ku Zambia tinafika nacho wapansi. Ku Tete kuli galimoto."

M'mawa mwake tinakwera atatu pamota, foro ili pakati pathu. Pa Nsadzo wolipiritsa wa shapa anafuna kuimangirira padenga pamodzi ndi matumba a makala. Amayi Rozalina anangomuyang'ana mpaka anapepesa, ndipo anaifungata pamiyendo ulendo wonse. Sanagone, sanadandaule za kutentha. Atafika pamlatho wa Zambezi, umene anali asanauonepo, anayang'ana madzi aja kumtunda ndi kumunsi, nadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kundifunsa ngati onsewo ndi a mtsinje umodzi.

Mesitiri Zakariya anachotsa foro yake yonyezimira ija mosanyinyirika. Mabowo a yakaleyo anakumana ndi a chitseko ngati zinasiyana dzulo. Chovuta chinali kuwatulutsa abambo m'nyumba. Anakana ine, anakana mesitiri, koma Amayi Rozalina atawauza kuti achokera ku Mualadzi ndipo sabwerera asanaone ntchito imene adzera, anadzuka chifukwa cha ulemu wa mlendo.

Tinawakhazika pampando. Dzanja silinapite n'komwe kuchiwongolero. Linatsata mizere ya ulusi, linalowa m'kathumba, linakwera kukapeza chogwirira, ndipo zala zinakhazikika m'timaenje tija. Anaweramira pafupi n'kununkhiza.

"Iyi si yanga," anatero. "Yanga sinagwidwe ndi anthu ambiri chotere. Koma ndi ya pabanja pathu." Anakoka chitseko, chinatsekeka. "Zakariya, ukudikira chiyani? Liza."

Chiwongolero cha galimotoyo chili kumanja, ndipo abambo sanafune kusuntha. Ndiye tinangoyenda pabwalo la mpira la pafupi, mesitiri atakhala pambali akuwongolera ndi dzanja limodzi, abambo akuponda okha ndi kusintha magiya ndi khutu. Ine ndi Amayi Rozalina tinali kumbuyo. Ndinalira poyera, osabisa, ndipo madzulo amenewo abambo anapempha okha chakudya.

Ndinapita ku Chifunde ndikuganiza kuti chinthu chenicheni ndi chimene chasungidwa osakhudzidwa. Chimene chinawabwezera abambo m'galimoto yawo chinali chodyeka ndi manja a anthu osawadziwa, ndipo sindikanachipeza m'sitolo iliyonse.

Amayi Rozalina anakhala nafe mpaka Lamulungu. Anandiphunzitsa kudzoza mafuta a nsatsi, pang'ono chabe, ndi kansalu kofewa. Ndikuwaperekeza pokwerera shapa, ndinawafunsa kuti foroyo ndiibweze liti. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ntchito yake ikatha, mudzadziwa nokha. Mudzatitumizire uthenga, tidzabwera ambiri."

Ndinamva chimene ankanena. Pobwerera kunyumba ndinapeza abambo ali kale m'galimoto pansi pa mango, galasi atatsitsa, dzanja lili pachogwirira, akundidikira.