Bambo Wothirira Chitsulo

Anthu ankangowatchula kuti a Mawaya, poti m'thumba mwawo simunkasowa kachidutswa ka waya. Ankakonza mawailesi m'kachipinda kakuseri kwa nyumba, komwe kunkanunkha fumbi ndi mtovu wosungunuka.

Kunja kwa zenera anakhomera chitsulo chachitali m'nthaka, n'kuchilumikiza ndi waya wamkuwa ku wailesi yaikulu ya pabalaza. Chilimwe chikafika, m'mawa uliwonse ankachithirira ndowa yathunthu. Aneba ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma wotsogolera chipongwe anali mkazi wawo yemwe, amene ankafunsa kuti mbewu imeneyi idzabala liti misomali.

A Mawaya sankatopa kufotokoza, ngakhale womvera panalibe. Ankati masiteshoni apafupi a FM sasamala za dothi, kamlongoti kakafupi kamawakwanira. Koma siteshoni yakutali, ya mafunde aatali, imafuna nthaka yonyowa, chifukwa waya wa padenga ndi theka chabe la mlongoti, theka linalo ndi nthaka. Dothi likauma, mawu amamira m'phokoso.

Siteshoni yakutaliyo inali yakwawo kwa mayiwo, kumene anachoka ali mtsikana ndipo abale onse anatha. Chilankhulo chawo chinkalowa m'nyumbamo kudzera m'wailesi imeneyi basi. Bambowo sankatolapo ngakhale liwu limodzi.

Chilimwe china matenda anawagwetsa a Mawaya, anafa ziwalo mbali imodzi, lilime n'kulemera. Mawu a siteshoni ija anayamba kuzilala, ndipo pofika sabata yachitatu kunangotsala mkokomo. Mayi anapotokola uku ndi uku, anasintha mabatire, anaiwomba ndi khofi wailesiyo, koma ayi ndithu. Mtima unawawawa kwambiri, pakuti m'nyumba monse munalibenso wowalankhula.

Ali chigonere, a Mawaya ankangoloza zenera ndi dzanja lawo lamoyo lija. Mayi anatsegula zeneralo poyesa kuti akufuna mphepo. Apo m'pamene anachiona chitsulo chija, dothi lozungulira litang'ambikang'ambika.

Anatunga ndowa ziwiri, aneba akuonerera, n'kuthira pang'onopang'ono kuti madzi alowe. Polowa m'nyumba anapeza munthu wakwawo akulengeza zanyengo pa wailesi, mawu ali mbee.

Anakhala m'mphepete mwa bedi, manja akadali onyowa.

"Kani zaka zonsezi, bambo, mumathirira ine?"

A Mawaya anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kulozanso ndowa.