Wilfred Garside, Munthu Wogwa pa Masitepe

Wilfred Garside anabadwira ku Rochdale m'chaka cha 1931, m'kanyumba ka njerwa zoda ndi utsi, moyang'anana ndi fakitale yoluka nsalu kumene bambo ake ndi mayi ake ankagwira ntchito. Naye analowa komweko ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anali wamtali, wowonda ngati bango, ndipo nkhope yake inkaoneka ngati ya munthu amene wangolandira kumene uthenga wa maliro. Nkhope imeneyi ndi imene inkapha anthu ndi phwete. Akangofunsa nthawi chabe, amayi a pa makina ankagwira nthiti.

Kugwa anachita kuphunzira. Loweruka lililonse ankapita ku holo ya zisudzo kukaonerera mkulu wina woseketsa anthu, dzina lake Alf Duckworth, amene ankagubuduzika pa masitepe khumi ndi awiri n'kudzuka chipewa chili kumutu. Tsiku lina Wilfred anamudikirira pakhomo la kuseri n'kumupempha kuti amuphunzitse.

"Ukufuna kuthyoka khosi, iwe?" anafunsa mkuluyo.

"Ndikufuna kuchoka m'fakitale, bambo."

"Ndi chimodzimodzi. Ubwere Lolemba. Phewa lizitsogola, mutu uzibwera pambuyo. Koma maondo alibe mankhwala, amenewo udzawalira ukadzakula."

Zaka makumi awiri zotsatira anazithera m'sitima ndi m'nyumba zogona alendo. Nyengo yotentha ikafika ankapita ku matauni a m'mbali mwa nyanja, ku Blackpool, ku Morecambe, ku Scarborough, kukasewera kawiri pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Eni nyumba ankamupatsa kabichi wowiritsa mpaka kuyera, ndipo madzi otentha osamba ankapezeka Lachisanu lokha. Ku Morecambe n'kumene anakumana ndi Glenys Threlfall, mtsikana woimba piyano m'holo ina ya kumeneko. Ntchito ya Glenys inali yomenya piyanoyo mwamphamvu pa nthawi yeniyeni imene Wilfred wafika pansi. Sanaphonyepo. Anakwatirana mu 1958, n'kubereka mwana mmodzi, Hazel, amene anakula akuona bambo ake miyezi iwiri yokha pa chaka.

Khirisimasi iliyonse Wilfred ankavala madiresi akuluakulu, wigi wofiira ndi nsapato zazitali, n'kusanduka mayi wamasiye wolongolola m'masewero a ana a nyengo imeneyo. M'mafilimu anaonekamo khumi ndi asanu ndi awiri, koma palibe ngakhale imodzi imene dzina lake linalembedwa pamwamba. Iye anali woperekera zakudya wogwa ndi mbale, wonyamula katundu wogwa ndi masutikesi, wapolisi wogwera m'dziwe. Ankafika m'mamawa, kugwa kanayi kapena kasanu mpaka wojambula atakhutira, n'kukwera sitima yobwerera kwawo atakulunga bondo ndi nsalu yonyowa.

Mwayi unamupeza mu 1974, koma unabwera ndi minga yake. Anamupatsa malo m'sewero la pa wailesi ya kanema, ngati munthu wogawa makalata amene sabata iliyonse ankaswa kanthu pakhomo la mayi wina waukali, n'kunena ndi nkhope yamaliro ija kuti, "Si ine, mayi, ndi mphepo!" Seweroli linakhala zaka zitatu, ndipo ndi limene linawagulira kanyumba ku Fleetwood, pafupi ndi doko la asodzi. Koma mawu asanu amenewa anamukakamira ngati nkhupakupa. Pa basi, kogula buledi, kometetsa, kulikonse kunkapezeka wina wofuula, "Ee, bambo a mphepo! Tanenaniko kamodzi kokha!" Iye ankanena, chifukwa Alf Duckworth anamuphunzitsa kuti munthu amene wakuseka ndiye wakudyetsa.

Mayi ake atamwalira mu 1981, kumanda kunali mphepo yoopsa, moti nkhata imodzi ya maluwa inauluka n'kugwera m'dzenje bokosi lisanatsike. Mmodzi mwa okumba manda anamuyang'ana Wilfred akudziletsa kuseka. Anthu enanso anatembenuka. Onse ankadikira kuti anene mawu aja a mphepo. Wilfred anangoyang'ana nsapato zake mpaka abusa atamaliza pemphero. M'galimoto pobwerera anauza mkazi wake kuti, "Glenys, ndatopa."

"Ndikudziwa, Wilf. Ku Preston ukuyamba sewero Lachinayi."

Anapita ku Preston, ndipo chaka chotsatira anapita ku Hull. Mafilimu anatha, a wailesi ya kanema anasiya kuimba foni, maholo a m'mbali mwa nyanja anayamba kutsekedwa imodzi ndi imodzi chifukwa anthu tsopano ankapita kukawothera dzuwa ku Spain. Chimene chinatsala ndi Khirisimasi ndi madiresi ake. Podzuka m'mawa ankayamba wakhala m'mphepete mwa bedi kwa mphindi khumi, akunyengerera maondo kuti avomere kuwongoka.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, kunabwera mayi wina wotsogolera zisudzo, Imogen Pardoe, wochokera ku holo ina yaing'ono ku Lancaster. Anakhala pa mpando wa m'khitchini, n'kuika mapepala a sewero pafupi ndi kapu ya tiyi.

"Bambo Garside, ndikufuna mukhale dalaivala wa basi wopuma pa ntchito, amene akusamalira mkazi wake woti anaiwala zonse, ngakhale dzina la mwamuna wake."

"Nanga ndigwa pati?"

"Simugwa paliponse."

"Ndiye mwasokera nyumba, mayi. Pitani ku London, kuli anthu odziwa kulira."

"Odziwa kulira ndawaona. Ine ndikufuna nkhope yanuyi."

Glenys, amene ankatsuka makapu, ananena osatembenuka: "Zaka makumi anayi ndakhala ndikumva iwe ukudandaula kuti palibe amene anakupatsapo mawu opitirira asanu. Ndi amenewo mawuwo, masamba makumi asanu ndi atatu. Ukakana, usadzandiuzenso."

Kuloweza kunamuvuta kwambiri. Kwa milungu isanu ankayenda m'mbali mwa doko akuyankhula yekha, mbalame za m'nyanja zikumulirira pamutu. Madzulo Glenys ankawerenga mawu a mkazi wodwalayo, magalasi ali pamphuno, n'kumamudzudzula akalumpha mzere. Pokonzekera, manja ake ankangofuna chinthu choti agwetse, ndipo Imogen ankamuuza mobwerezabwereza kuti, "Ingokhalani, bambo Garside. Osachita kanthu." Iye ankayankha kuti kungokhala n'kovuta kuposa masitepe.

Sewero loyamba linali la masana, Lachitatu. M'holomo munadzaza agogo amene anabwera pa mabasi awiri ataona dzina lake pa chikwangwani. Wilfred atangotulukira atanyamula thireyi ya tiyi, holo yonse inaphulika ndi kuseka. Anayenda pang'onopang'ono, anthu akudikira kuti apunthwe. Anaika thireyiyo patebulo bwinobwino, ndipo anthu anasekanso, poganiza kuti akuwasungira za mtsogolo. Wina kumbuyo anafuula za mphepo zija.  Mwendo wamanja wa Wilfred, umene unazolowera, unkafuna wokha kukola mwendo wa mpando, kuti awapatse chimene anadzera n'kuthana nazo. Anauletsa. Anakhala pansi, anatenga supuni, n'kuyamba kumwetsa mkazi wa m'seweroyo, akumuuza dzina lake kachitatu.

Kuseka kunazilala pang'onopang'ono, ngati moto wothiridwa mchenga. Patatha mphindi makumi awiri munali zii, moti ankamva mayi wina wa kutsogolo akufufuza kansalu m'chikwama. Pa moyo wake wonse, bata la m'holo linkatanthauza kuti zalephereka, choncho mpaka sewero kutha ankangoganiza kuti walakwitsa. Atamaliza anthu anawomba m'manja nthawi yaitali. Iye anakalowa m'kachipinda kovalira, n'kukhala osavula ngakhale nsapato mpaka Glenys atabwera.

"Wachita bwino, Wilf."

"Sanaseke."

"Ndiye zimene ndikunenazo, chitsiru iwe."

Seweroli linatha milungu itatu. Nyuzipepala ya m'deralo inalemba mizere iwiri yomuyamika, ya ku London sinatumize munthu. Wilfred anadikira foni mwezi wathunthu. Itaimba, anali mkulu wa holo ya ku Hull, akufunsa ngati diresi la chaka chatha likumukwanabe. Anavomera. Anavalanso madiresiwo zaka zina zisanu, koma masitepe anawachepetsa kufika pa atatu, kenako anawachotseratu, ndipo chaka chomaliza ankasewera atakhala pa mpando. Mu 2003 madokotala anamuika bondo lachitsulo, n'kumuuza kuti akadzagwanso kamodzi, ndiye kuti kuyenda kwatha. Anasiya popanda phwando lotsanzikana. Madiresi anawapereka ku gulu la zisudzo la pa tchalitchi.

Masiku ake anakhala ofanana. M'mawa ankayenda ndi ndodo mpaka pa benchi ya pa doko, masana ankagona pang'ono, Lachisanu ankadya nsomba ndi tchipisi. Hazel, amene anakwatiwa ku New Zealand, ankaimba foni Lamlungu loyamba la mwezi. Anthu omuzindikira anayamba kuchepa, ndipo iye sankadziwa ngati zimenezi zikumusangalatsa kapena ayi.

M'mawa wina mu 2007, Glenys analowa ndi nyuzipepala, nkhope itasintha. Kunamwalira munthu wina wa zisudzo wa dzina lofananako, ndipo olembawo anasokoneza: anaika chithunzi cha Wilfred atavala chipewa cha wogawa makalata, ndi nkhani yoti wamwalira atadwala nthawi yaitali. Foni inayamba kulira isanakwane naini koloko. Anthu amene sanamufunepo kwa zaka makumi awiri ankalira kuti anali katswiri wosayerekezeka.

"Ndiwaimbire anthu a nyuzipepalawa, amve za ine lero," anatero Glenys.

Wilfred anawerenga nkhaniyo kawiri, chala chikutsata mizere. "Za ku Lancaster sanatchule."

"Ndiye ndikawauza zimenezonso."

"Asiye kaye mpaka mawa, mayi. Uimbire Hazel yekha asamve kwa ena. Lero lokha ndipumuleko."

Glenys anaimbira mwana wawo, n'kuzula chingwe cha foni kukhoma. Anadya nkhomaliro ya mazira ndi buledi mwakachetechete, mvula ikuwaza pa zenera. Nyuzipepalayo inapepesa patatha masiku anayi, m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa nkhani za mpira.

Wilfred Garside anamwalira zaka ziwiri pambuyo pake, mu Marichi, atakhala pa mpando wake masana. Ku maliro kunabwera anthu khumi ndi asanu ndi anayi, chifukwa ambiri ankaganiza kuti anamulira kale. Imogen Pardoe anabwera pa sitima kuchokera ku Lancaster, ndipo ndi iye amene anagwira Glenys dzanja potuluka m'tchalitchi.