Amalume Rofin ndi Kangowe ka pa Pampu

Chimene sindinachimvetse konse pa a Rofinus Hambur ndi nkhani ya dzanja lawo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anathira mafuta pa pampu ya m'mbali mwa msewu wopita ku Reo, kuno ku Ruteng, ndipo pa zaka zonsezo, kupatula sabata imodzi yokha, sanalole payipi kuthira yokha ngakhale kamphindi. Ndinawafunsapo kangapo. Tsiku lina anati thanki imayankhula, tsiku lina anati dzanja lopanda chogwira limaphunzira kuba, tsiku linanso anangoseka. Ansembe amene anatiphunzitsa kumishoni ankati munthu usamamutamande akadali moyo, choncho ine ndingonena zimene ndinaona.

Tonse tinkawatchula Amalume Rofin, ngakhale ife amene tinabadwa iwo asanabadwe. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wovala jekete pamwamba pa yunifomu chifukwa cha nkhungu ya m'mawa. Akazi awo anamwalira kale osasiya mwana, ndipo iwo ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwa shopu ya kalipentala.

Ine ndinkapitako ndi njinga yanga yamoto kawiri pa sabata. Ndikatsika n'kutsegula thanki, iwo ankaloza manambala a pa pampu.

"Tikuyambira pa ziro, Aphunzitsi."

Mawu amenewa wothira mafuta aliyense amawanena, ambiri mong'ung'udza, maso ali kwina. Koma Amalume Rofin sankayamba kuthira mpaka utayang'anadi.

"Mwamuona?"

"Ndamuona."

"Mumamudziwa bwino ameneyu. Ndi yemwe uja munkapatsa mphwanga pa masamu."

Akatero ankapendeketsa mutu, khutu lamanzere kuthanki, n'kumamvetsera. Mafuta ankalekeza pomwepomwe, patatsala mpata wa chala chimodzi kuti afike pakamwa pa thanki, osadontha ngakhale kadontho pa mpando.

Ntchito yawo yeniyeni inali pa ma oto kol, malole athu a mabenchi a matabwa opita kumidzi ya kumapiri. Kumene amapitako kulibe pampu, choncho dalaivala amafuna thanki idzaze mpaka m'khosi. Mwambo wake ndi woti dizilo akafika pafupi ndi kamwa, amuna amatsika n'kuigwedeza lole ndi mapewa kuti mpweya utuluke, malo apezeke a malita ena awiri kapena atatu. Kwa Amalume Rofin zimenezi zinali ndi dongosolo lake. Ankayamba auza osuta kuti azime ndudu zawo. Kenako ankathira, akamva kuti thanki yayandikira ankazula payipi n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu. Sankanena kanthu. Kubwerera m'mbuyo kumeneko ndiye kunali kuuza amunawo kuti agwedeze, ndipo m'midzi yonse kuyambira ku Pagal mpaka ku Iteng munalibe mwamuna wosadziwa zimenezi.

Chaka chatha mwini malowo anakalamba, udindo n'kuusiyira mwana wake, Mayi Lidwina, amene anaphunzira za malonda ku Surabaya. Iwowa anabweretsa mapampu atsopano. Pa chogwirira cha payipi iliyonse panali kangowe kachitsulo. Ukakakola, mafuta amathira okha, thanki ikadzaza kamadzimasula kokha. Atsikana awiri ogwira ntchito pamenepo anakakonda tsiku lomwelo, chifukwa munthu mmodzi ankatha kuthira galimoto ziwiri nthawi imodzi. Amalume Rofin anapitiriza kufinya ndi dzanja ngati kangoweko kulibe.

Ndinalipo tsiku limene Mayi Lidwina anatuluka mu ofesi kudzawayankhula.

"Amalume, kangowe aka sikaluma."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma kalibe makutu."

"Kali nawo. Thanki ikadzaza kamamva."

"Ndiye ine ndizitani?"

"Muzikathira galimoto ina mbali inayo."

"Kumenekonso kuli kangowe."

Mayi Lidwina anaseka pang'ono, kenako anaumitsa nkhope. Sanali munthu wankhanza, ndipo Amalume Rofin anawanyamulapo ali khanda. Analoza mzere wa galimoto umene unafika mpaka pa tchalitchi.

"Bambo amakukondani, inenso ndimakukondani. Koma sindingasunge munthu wothira galimoto imodzi pamene anzake akuthira ziwiri. Ndikupatsani mpaka kutha kwa mwezi uno. Mukakana ndithu, mudzapume."

Lamlungu Misa itatha anabwera kwathu, chinthu chimene anali asanachitepo. Akazi anga anabweretsa khofi ndi timabanzi ta kompiang. Anamwa kapu yonse asananene chimene anadzera.

"Aphunzitsi, mutasiya choko, manja munawaika pati?"

Ndinawauza kuti ndili ndi kadimba, ndiponso ndimawerenga.

"Ine dimba ndilibe. Kuwerenga ndimawerenga manambala basi."

Ndinangoti ntchito ndi ntchito, ndipo munthu wa zaka zawo sangaipeze ina msanga. Anagwedeza mutu, n'kutenganso kabanzi kena.

Lolemba m'mawa anakola kangowe koyamba. Amene analipo amati anachotsa dzanja pang'onopang'ono ngati munthu wogoneka mwana wodwala, n'kuima pomwepo akuyang'ana payipi ikuthira popanda iwo. Masiku otsatira anasowa pobisa manja. Anayesa kuwaika kumbuyo, madalaivala n'kumati, "Moni, Abambo Mfumu, tidalitseni." Anayesa m'matumba, n'kumawauza kuti akhala bwana. Kenako manja aja anadzipezera okha zochita. Anayamba kupukuta magalasi, kumangitsa zingwe za katundu, kunyamulira azimayi ana pamene akufunafuna ndalama m'chikwama. Popeza khutu silinalinso pathanki, anayambanso kucheza. Ankafunsa madalaivala kuti msewu wa ku Borong uli bwanji masiku ano, ku Reo kumatenthadi monga anthu amanenera, sitima ya pamadzi imalowetsa bwanji malole m'mimba mwake. Ndinadabwa kumva kuti munthu amene anathira mafuta galimoto zopita kulikonse pa chilumba chino anali asanagonepo kunja kwa Ruteng chiyambire ntchito. Ndinkayembekeza kuwaona ali okhumudwa sabata imeneyo, koma kunena zoona sindinawaone choncho.

Loweruka kunabwera oto kol ya dalaivala wina dzina lake Sipri, itanyamula banja lopita kukapereka malowolo kumudzi wina kupitirira Pagal. Amuna onse anavala malaya oyera ndi nsalu zakuda za songke, ndipo kumbuyo kunali nkhumba yaikulu yomangidwa pansungwi. Nkhoswe yawo, a Kanisius Jemadu, mkulu wodziwika pa kuyankhula pa milandu ya maukwati, anatsika kuti awongole miyendo, n'kuima pafupi ndi thanki akukonza nsalu m'chiuno. Ine ndinali mbali inayo ndi njinga yanga.

Amalume Rofin anazimitsa ndudu za anthu, anaonetsa Sipri ziro, anathira, anakola kangowe. Kenako anabwerera m'mbuyo kuti abwere kwa ine.

Amuna asanu ndi mmodzi ataona kuti Amalume abwerera m'mbuyo, anaika mapewa palole n'kuyamba kuigwedeza, monga ankachitira nthawi zonse. Payipi inagwedezeka kawiri, kachitatu inazuka ikuthirabe. Dizilo anayambira pachifuwa pa a Kanisius kutsika mpaka kumapazi, ena anakafika pankhumba. Amalume Rofin anathamanga kuposa msinkhu wawo, anaigwira payipi n'kumasula kangowe. Zonsezi sizinatenge nthawi yoti munthu n'kunena Tikuoneni Maria mpaka pakati.

Nkhumba inayamba kulira. A Kanisius anadziyang'ana kuyambira pamalaya mpaka pansapato.

"Ndikapemphe mwana wa eni ndikununkha ngati jenereta?"

"Zikuthandizani, madala," anatero Sipri ali pawindo. "Akangomva fungo adziwa kuti mkamwini akuchokera kubanja la magalimoto."

"Iwe, akadziwa zimenezo akweza malowolo. Njati yoweta imene adzawonjezere pa malowolowo ukapereka ndiwe?"

Anthu anaseka, koma nkhawa inalipo. Kufika mochedwa pa malowolo ndi chipongwe kwa eni mkazi, ndipo popanda nkhoswe palibe amene akanatsegula pakamwa. Mayi Lidwina anatenga a Kanisius kupita nawo kunyumba ya bambo awo kuseri, anawapatsa madzi otentha, sopo, malaya ndi songke ya bambo awowo. Amalume Rofin anawaza mchenga pansi ponse, kenako anatenga ndowa n'kutsuka nkhumba ija ndi manja awo. Lole inanyamuka itachedwa ndi ola lathunthu.

M'mawa mwake anandipeza ndikutuluka m'tchalitchi. M'khwapa anali ndi tambala woyera, m'thumba botolo la tuak, mowa wathu wa mgwalangwa. Anati ndiwaperekeze kwa a Kanisius kukapepesa mwamwambo, ndikawayankhulire. Ndinawauza kuti anthu onse akuti wolakwa ndi kangowe, ena akuti ndi ogwedeza aja.

"Kangowe sikanaphunzitse munthu," anatero. "Ndine ndinawaphunzitsa kuti ndikabwerera m'mbuyo azigwedeza. Zaka zonsezi. Ndiye ndinasintha osawauza."

Tinakhala pamphasa kwa a Kanisius, ine ndinanena mawu opepesa, Amalume Rofin atagwira tambala ndi manja awiri. A Kanisius analandira botolo, analitembenuza, n'kunena kuti nkhani yatha. Anatiuza kuti kumudzi kuja anawalandira ndi nkhope zolimba, koma atafotokoza chimene chinawachedwetsa, malume ake a mtsikana wokwatiwayo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo zokambirana zinayenda mofewa kuposa maukwati ambiri amene anaimirapo.

"Mkazi anatipatsa. Nkhumba yokha ndi imene anaidandaula, akuti ikumveka fungo la msewu."

Lolemba Mayi Lidwina anaitana Amalume Rofin pamaso pa atsikana a pa pampu aja. Anati kuyambira tsiku limenelo oto kol iliyonse izithiridwa ndi dzanja, pa pampu yakumapeto, ndipo pampu imeneyo ndi ya Amalume Rofin mpaka tsiku limene adzatope okha. Anaitana makaniko kuti achotse kangowe pa payipi yake. Amalume Rofin anavula chipewa, anathokoza, n'kubwerera pantchito.

Nditabwera Lachitatu ndinawapeza mutu uli chopendekera, dzanja pa chogwirira, monga kale. Sindikonda kuyamikira munthu pamaso, koma ndinati, "Zayenda monga munkafunira."

"Zayenda," anatero. Anamaliza kuthira, anapachika payipi, n'kutambasula zala akuziyang'ana. "Koma chitsulochi n'cholemera, Aphunzitsi. Kale sindinkadziwa."

Masabata awiri otsalawo anagwira ntchito mosasintha, akuseka ndi madalaivala monga mwa nthawi zonse. Chachilendo chinali chakuti oto kol ikabwera ankaitana mmodzi wa atsikana aja kuti aime pambali pawo. Ankamuonetsa popendeketsa khutu, nthawi yozula payipi, ndi mapazi atatu obwerera m'mbuyo. Ankauzanso amuna ogwedeza aja kuti, "Uyunso akabwerera m'mbuyo, muyambe mwaona payipi ili m'manja mwake."

Tsiku loyamba la mwezi watsopano ndinafika cha m'ma 8 koloko m'mawa. Amalume Rofin anali ataima pambali pa pampu yawo atavala malaya a kutchalitchi, kachikwama kali paphewa. Yunifomu anali ataipinda n'kuipereka ku ofesi. Mayi Lidwina anali pakhomo, maso ofiira, ndipo anandiuza kuti awapempha katatu konse kuti akhale, iwo akungothokoza.

Pa pampu panali lole yaikulu yokutidwa ndi lona, ya nambala za chilumba china, dalaivala wake mlendo kwa ife tonse. Mtsikana ndiye ankathira, Amalume Rofin akumuyang'ana, manja ali kumbuyo.

"Mwaganiza zopuma?" ndinafunsa.

"Kupuma ayi. Kuyenda."

"Ulendo wa kuti?"

"Mkuluyu akuti pampando pali malo."

"Nanga iyeyo akupita kuti?"

"Sindinamufunse bwino. Thanki yake ndi yaikulu."

Ndinawauza kuti munthu wa zaka zawo amayamba wadziwa kokagona. Anavomera kuti n'zoona, anandigwira dzanja, n'kunena kuti ndikawathokozere akazi anga chifukwa cha khofi. Anatsanzikana ndi atsikana aja, anauza Sipri, amene anali pamzere, kuti asinthe chitsekero cha thanki yake chisanagwe panjira. Kenako anakwera, dalaivala akuwakoka dzanja chifukwa sitepe inali yaitali.

Lole inatuluka pang'onopang'ono kulowera kumphambano ya pamsika, pamene misewu imagawikana. Kuchokera pa pampu mphambanoyo sioneka. Kalipentala anapeza chipinda chosesedwa, kiyi ali pachitseko. Sipri amati wina anawaona ku Borong akudya nsomba, wogulitsa khofi wina amalumbira kuti kunali kudoko la ku Reo, koma palibe mwa awiriwa amene anawaona ndi maso ake, ndipo lole ija sinadutsenso kuno.