Ndinkatsina Luiza

Nthawi ya nkhondo, apongozi anga anawabweza kuchipatala kuti akafere kunyumba, ku Namacula. Ana awo aakazi, madona a ku Sanjala, ankabwera Lamlungu lokha. Ankaima pakhomo atatseka mphuno ndi nsalu ya kapulana n'kufunsa kuti, "Mamá agona bwanji, mlamu?" Ndinkawanyoza chamumtima, poti pakamwa ndine wamanyazi. Kutembenuza odwalawo ndi kutsuka zilonda zakumsana popanda sopo inali ntchito yanga.

Koma nanenso fungo linkandikanika. Ndiye ndinapeza nzeru yauchitsiru. Ndinkapititsa dzanja kumbuyo n'kutsina ntchafu ya Luiza, khanda langa, ali kumsana. Akalira ndinkati, "Pepani amayi, ndikamuyamwitse," n'kuthawira panja, iwo ali pamphasa yonyowa, kukuzizira.

Tsiku lina nditangoyamba kusuntha dzanja, apongozi, amene anali atasiya kale kudya, anatsegula maso.

"Make Luiza, ingotulukani. Ndikudziwa kuti ndikununkha. Mwanayo musiyeni."

Mukuganiza kuti ndinakhala? Ndinatuluka ndithu, n'kukaima kuseri kwa nyumba, ndikukakamiza bere mwana wokhuta.