Foni Yosunga Mawu a Aphunzitsi

Mayi Tayipi sanali munthu wokalipa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa telala akutayipira anthu makalata ofunsira ntchito, madandaulo a malire a malo ndi malipoti a misonkhano ya mpingo, koma palibe anawamvapo akukweza mawu. Dzinalo analitengera pa ntchitoyo. Anayamba ndi tayipilayita yolemera ngati mwala, kenaka anapeza kompyuta yakale ya bokosi imene inkalira ngati chigayo ikamayaka. Munthu akabwera ndi kalata yodzaza matemberero, iwo ankaiwerenga mwakachetechete n'kunena kuti, "Tichepetseko tsabola," ndipo mwini wake ankatuluka ndi kalata yaulemu koma yolasa kuposa yoyambayo.

Mawu a m'nyumba mwawo anali ndi amuna awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi ngakhale atapuma ntchito. Amenewo akaitana mwana pabwalo la sukulu, agalu a mzere wonse ankasiya kuuwa. Kenaka kunabwera matenda a pakhosi. Madokotala ananena mosabisa kuti achotsa kholingo, ndipo mawu apita nalo limodzi. Namwino wina wachifundo anawaonetsa pulogalamu ya pafoni imene munthu amajambuliramo ziganizo zake, chilichonse n'kukhala ndi batani lake lalikulu. Milungu itatu opaleshoni isanachitike, Aphunzitsi ankadzitsekera kuchipinda m'mawa uliwonse n'kumayankhula ndi foni. Anajambula ziganizo mazana atatu. "Ndikufuna madzi." "Ayi, zimenezo si zoona." "Mwadzuka bwanji, amayi?" Anajambulanso pemphero la pachakudya, lomwe lija ankanena chikwatiranirane.

Kwa zaka ziwiri foniyo inkalendewera pachifuwa pawo, m'kathumba kamene telala anawasokera. Akadina batani, mawu aja ankatuluka athunthu, ndipo Mayi Tayipi ankayankha ngati palibe chimene chinasintha.

Lolemba lina kompyuta ya bokosi ija inatulutsa utsi n'kuzima. Mayi Tayipi anaitana mlamu wawo, mng'ono wake wa Aphunzitsi, wokonza mafoni ndi mawayilesi pamsewu wa kumsika, amene anzake ankamuti Mawaya. Luso anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto lake linali liwu limodzi: "Ndikuidziwa." Ankalinena asanatsegule n'komwe chinthucho. Pa zinthu khumi ankakonza zisanu ndi zinayi, chakhumicho chinkabwerera kwa mwini wake masikulu ali m'kambale.

"Alamu, iyi njoika m'manda basi," anatero atanunkhiza bokosilo. "Koma musadandaule. Ine ndilipo."

Patapita masiku atatu, Mayi Tayipi pochokera ku mapemphero a amayi anadzera kukachipinda kawo kukatenga ambulera. Anapeza chitseko chili chotsegula, sikirini ikuwala, kiyibodi ili pamalo pake. Mawaya anakhala pampando wawo, miyendo atasanjikiza. Pamene pankakhala bokosi panali foni yolumikizidwa ndi zingwe ziwiri.

"Takhalani pansi, alamu, mungagwe nacho chimwemwe! Ndaifulasha. Ndachotsamo ubongo wa foni n'kuikamo ubongo wa kompyuta. Sisitemu yeniyeni, yonga ya m'maofesi. Tayipani muone."

Mayi Tayipi sanayang'ane sikirini. Maso awo anali pa kamng'alu ka pakona ya foniyo. Ankakadziwa kamng'aluko, chifukwa ndi iwo amene anaigwetsa poipukuta.

"Foni iyi ndi ya yani?"

"Ya achimwene. Ndi yamphamvu imeneyi, inkangoonongeka ndi ntchito yochepa."

"Ntchito yochepa." Anaika Baibulo lawo patebulo pang'onopang'ono. "Mawu ali kuti?"

"Ndawasunga onse. Mukundiyesa mwana ine?"

"Aikeni ndimve."

Mawaya anatsegula fayilo ina yaikulu, koma kompyutayo inati siikuidziwa. Anayesa kuikamo pulogalamu ya mabatani ija, inakana, chifukwa inapangidwira ubongo wa foni. Anati palibe kanthu, pali pulogalamu ina imene imanamiza zinthu za pafoni kuti zidziona ngati zili kwawo. Anaiika. Chithunzi cha mabatani chinaoneka kanthawi kochepa, kenaka chinazima. Anayesa kachiwiri. Kachitatu panatuluka uthenga woti pulogalamuyo siigwira ntchito pa foni imene yasinthidwa.

"Bwezeranimo ubongo wakalewo."

"Zimenezo n'zotheka, koma…" Anakanda m'mutu. "Zikuoneka kuti mawuwo amakhala okhomedwa. Kiyi wake amakhala mu ubongo wakalewo. Ndiye pofulasha paja…"

"Pofulasha paja bwanji?"

"Kiyi anafufutika, alamu."

Telala anasiya kupalasa makina ake kuseri kwa khoma. Anafotokozera anthu pambuyo pake kuti poyamba anayesa kuti mwalowa mayi wina wachilendo.

"Munthu wamkulu ndi ndevu zanu, simunathe kuyesa kaye? Munafunsa ndani? Kodi kholingo la mkulu wanu mwaliona likugulitsidwa kumsika kuja, kuti mukagula lina? Madokotala anamudula kamodzi, inu mwabwera kudzamudula kachiwiri ndi sikuludiraiva! 'Ndikuidziwa, ndikuidziwa.' Mumadziwa chiyani inu? Wayilesi ya amayi anu ija inayankhulanso?"

"Alamu, ine ndimafuna kukuthandizani."

"Ndinakutumani? Chokani pampando wanga!"

Anazula zingwe, n'kuika foniyo m'chikwama, ndipo ambulera anaiiwala. Njira yonse ankakonza mawu oti akawauze Aphunzitsi, poganiza kuti mng'ono wawo anawabera foniyo ali m'tulo ta masana. Anawapeza pabalaza, kathumba kopanda kanthu kali pachifuwa, kope la sukulu lili pamwendo. Asanayambe n'komwe kufotokoza, Aphunzitsi anawapatsira kopelo. Pamwamba pa tsamba panali funso limene analembera Mawaya m'mawa wa tsikulo: "Nanga mawu anga?" Pansi pake, ndi inki yomweyo: "Chabwino, tenga." Ndipo pansi penipeni panali mzere umene analembera akazi awo: "Ndapereka ndekha. Munalibe makina."

Mayi Tayipi anawerenga kawiri. Mkwiyo umene ankayesa kuti wathera pa Mawaya unadzukanso, wokulirapo.

"Mwapereka nokha. Ine munandifunsa? Mawu amenewo anali anu nokha? Inu mumangodina, womva ndine! Ndine ndimadzuka m'mawa n'kumadikira kuti andifunse mmene ndadzukira. Makina ndikanabwereka, ndikanalemba ndi dzanja, ndikanatulutsa tayipilayita kunsi kwa bedi. Mwapereka chinthu cha anthu awiri ngati mukupereka fosholo!"

Aphunzitsi anatenga cholembera n'kuyamba kulemba. Mkangano wa munthu wolemba ndi munthu woyankhula sukhala wolingana: pamene iwo ankamaliza liwu limodzi, akazi awo anali atanena makumi awiri. Anasiya, n'kutseka kopelo. Zimenezo zinawapsetsanso mtima Mayi Tayipi, chifukwa pa foni paja panali batani la "Ayi, zimenezo si zoona," ndipo tsiku limenelo akanalolera kulimva kakhumi.

Pachakudya anakhala moyang'anizana, mbale zili zovundikira. Aphunzitsi anaweramitsa mutu mwachizolowezi, dzanja n'kupita pachifuwa, n'kupeza nsalu yokha. Mayi Tayipi ankalidziwa pempherolo ngati dzina lawo, koma pakamwa panakana. Mumtima anangoti, "Ambuye, mwaona nokha," n'kuvundukula mbale.

Mlungu wonse Mawaya sanaoneke. Anayendera anzake onse okonza mafoni, ndipo aliyense anamuuza chimodzimodzi: chokhomedwa chakhomedwa. Tsiku lachisanu ndi chitatu anafika m'mawa, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Odi, alamu."

"Mwabwera kudzafulasha chiyani lero? Firiji?"

"Ndapeza kanthu. Si zambiri."

Pokopera zinthu za m'foni muja asanaifulashe, anakoperanso chikwatu china chimene sanachilabadire. Zinaoneka kuti Aphunzitsi, mwa uphunzitsi wawo, ankayamba ayeserera pa chojambulira wamba asanajambule zenizeni mu pulogalamu ija. Zoyesererazo sizinali zokhomedwa. Zinalipo makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, zopanda maina, manambala okhaokha.

Mayi Tayipi sanathokoze. Anatuma Mawaya kukatenga sikirini ndi kiyibodi kukachipinda kuja, anamuuza kuti alumikize pa tebulo la pabalaza, awaonetse pulogalamu yodulira mawu, kenaka azipita. Pulogalamu imeneyo, kunena zoona, inkayenda bwino pa ubongo wa kompyuta, ndipo zimenezo zinkawawawa kuvomereza.

Masiku anayi anakhala pamenepo ngati mmene ankakhalira ndi makalata a anthu. Ankamvetsera, n'kudula, n'kutayipa dzina. Zambiri zinali zinyalala: kutsokomola, kukonza pakhosi, Aphunzitsi akudzidzudzula kuti, "Ayi, ndayamba mofulumira." Koma pakati pa zinyalalazo ankatolamo "Zikomo," "Madzi," "Bwerani kuno." Anapeza kuseka kwawo, kumene sanakujambule konse mu pulogalamu ija. Anafufuza "Mwadzuka bwanji, amayi?" kuyambira nambala yoyamba mpaka yomaliza, n'kubwerezanso. Munalibe. Chiganizo chimenecho Aphunzitsi sanafunikire kuchiyeserera.

Pemphero analipeza pa nambala makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Linayamba bwino, mawu aja ali odzaza nyumba. Litafika pakati panamveka chitseko kulira, ndi mawu a Mayi Tayipi eni ake akuti, "Tiyi akuzizira kuno." Ndiye Aphunzitsi, mokalipa: "Amayi, tsekani chitseko! Simukuona ndili pantchito?" Kenaka anapitiriza pomwe anasiyira mpaka pa ameni.

Anadula pakatipo mosamala n'kulumikiza mbali ziwirizo, moti msoko wake sumveka pokhapokha munthu atatchera khutu. Chodulidwacho sanachitaye. Anachipatsa batani lakelake.

Onse pamodzi anakwana mawu makumi awiri ndi atatu, pa mazana atatu aja. Ndipo Aphunzitsi sakanathanso kuyenda nawo. Pa galasi la foniyo zilembo za kompyuta zinkaoneka ngati nyerere, zala za Aphunzitsi zinkadina zitatu nthawi imodzi, batire nalo silinkafika masana. Choncho Mayi Tayipi anamata timapepala pa mabatani a kiyibodi, ndipo mawu a Aphunzitsi anakhala a patebulo la pabalaza basi. Kutchalitchi, kumsika ndi kuchipatala amapita ndi kope. Kachipinda ka kuseri kwa telala Mayi Tayipi anakabweza, pakuti makina ndi amodzi ndipo sakanawachotsa m'nyumbamo. Tsopano ofuna makalata amabwera kunyumba, ndipo Aphunzitsi akafuna madzi pakati pa kalata ya munthu, amatambasula dzanja pamwamba pa phewa la akazi awo n'kudina.

M'mawa Aphunzitsi amagogoda kawiri pa mutu wa bedi. Mayi Tayipi amayankha kuti, "Ndadzuka, kaya inu," koma masiku ena amayankha nsagwada zili zolimba, ndipo onse awiri amadziwa chifukwa chake. Kwa abusa Mayi Tayipi anakaulula kuti mtima wokhululuka akuupempha tsiku ndi tsiku, koma sunafikebe.

Loweruka lina masana Mawaya anatulukira, nkhope ikuwala ngati kale, kachingwe katsopano kali m'manja. Mbale zinali zitangoikidwa patebulo.

"Achimwene! Alamu! Ndawerenga njira ina. Pali sisitemu yatsopano imene imayendetsa zonse ziwiri, za foni ndi za kompyuta. Mungondibwereka foniyo masiku awiri. Iyi yokha ndiye ndikuidziwa."

Mayi Tayipi anaimirira, mpweya atakoka kale. Koma Aphunzitsi anakweza dzanja kuwaletsa. Anayang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali, ali chiimire pakhomo phazi limodzi m'kati, kenaka anatembenukira ku kiyibodi, n'kufunafuna kapepala ndi chala, n'kudina.

"Amayi, tsekani chitseko! Simukuona ndili pantchito?"

Mayi Tayipi anadikira kuti phazi lija libwerere panja, ndipo anatseka. Atakhala pansi, Aphunzitsi anaweramitsa mutu n'kudina batani la pemphero.