Mpando wa mayi Jessie m'sitolo ya a Yasin

Aliyense pa Nsipe amawadziwa mayi Jessie, aja ogulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Ndi mayi wamasiye, wamfupi, wa pakamwa posapuma. Basi ikaima amathamanga ngati mtsikana, koma dzuwa likangopendeka ankafunditsa katundu ndi chiguduli, uyo ulendo ku sitolo ya a Yasin. Kumeneko kuli kanema, ndipo pa kanemapo pamabwera pulogalamu ya milandu yeniyeni ya kuphana, ya kumaiko a azungu uko.

Kuonera ankaonera ndithu, koma pakamwa ndiye ayi, sipankatsekeka.

"Taonani, ayambanso kutionetsa nyumba yomwe ija! Taiona kale nyumbayi, bambo inu, tiuzeni wapha munthu ndani!" Ankatero akuloza wapolisi wa m'kanema ngati akuwamva. Kwa iwo, opanga pulogalamuyi ndi anthu ozengereza: nkhani yoti n'kuitha tiyi asanazizire amaikoka mpaka mawa, akangofika pokoma n'kuikapo malonda a sopo. Chinanso, amakondera. Wophedwa akakhala wolemera, amaonetsa zithunzi zake kuyambira ali khanda. Akakhala mmphawi, kachithunzi kamodzi basi, nako kosaoneka bwino.

A Yasin ndi munthu wofatsa, koma anapirira mpaka anatopa. Anthu ankabwera kudzagula shuga n'kupeza msonkhano. Tsiku lina anangoti, "Mayi Jessie, mpando uwo ndi wanu, koma mukadzangoyankhulanso pulogalamu ili mkati, basi, muzikaonera kwina."

Kwina kuti abale? Kunyumba kwawo kulibe magetsi, ana onse ali ku Joni, ndipo chimwalirireni amuna awo nyumbayo imangoti zii. Macheza awo onse anali pampando umenewo. Ndiye anadzigwira. Ankaluma nsonga ya chitenje, kupukusa mutu, kuusa moyo, koma liwu osatulutsa. A Zainab, akazi awo a Yasin, ankachita kubisa nkhope m'mpango kuti asaoneke akuseka.

Zinayenda choncho mpaka tsiku limene anaonetsa mlandu wa mayi wina amene mwamuna wake anapezeka atafa m'galimoto. Wapolisi anakhala pampando, manja atapinda, n'kunena kuti anayamba kumukayikira mayiyo chifukwa pamaliro sanalire. Anaonetsa nkhope ya mayiyo pafupi, kubwereza mawu aja, kuionetsanso nkhope ija.

Apa chitenje chinawapulumuka mkamwa mayi Jessie.

"Bodza! Kodi misozi ndi umboni? Bambo a Edson, amuna anga, atamwalira ku Joni, mtembo tinaudikira mpaka maso anauma. Bokosi litafika, obwera kudzakhuza maliro ankayambira kulira kumsewu monga timachitira, ine ndili duu pamphasa, msozi osatuluka. Azilamu anga ankandiyang'ana n'kumanong'onezana kuti ndikudziwapo kanthu. Mpaka lero ena sandipatsa moni. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe!"

A Yasin anafuna kunena kanthu, koma mayi Jessie sanadikire kuuzidwa. Ananyamuka okha, kumangitsa chitenje, n'kutuluka pulogalamu isanathe.

M'mawa mwake a Zainab anawapeza pamsika akuwaza madzi pa kabichi.

"Amayi, ndikuuzeni mmene zinathera dzulo?"

"Nenani, mwanawe."

"Anapha ndi mkazi yemwe uja. Anavomera yekha."

Mayi Jessie anaima ndi ndowa m'manja. Kutaya mpando chifukwa choikira kumbuyo chigawenga! Kenako anaseka chikhakhali mpaka anzawo ogulitsa tomato anacheuka.

A Zainab anati, "Tiyeni ndikakupepesereni. Mukangolonjeza kukhala chete, abambo akunyumba savuta."

"Iyayi, kukhala chete ndinayesa, mwaona nokha kuti sindingathe," anayankha mayi Jessie akupukuta manja. "Chabwino, anapha. Koma akanamugwira ndi umboni, osati ndi maso ouma. Anga anali ouma, ndipo ine sindinaphe munthu."