Njerwa ya a Kutsidya

Pa fakitale yosoka maovolosi ija panalibe amene ankakumbukira dzina lenileni la mayi wa makina a pafupi ndi khomo. Onse ankangoti a Kutsidya, chifukwa sankatha mawu atatu osatchula dziko la kutsidya kwa malire, komwe anasokako kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitayamba. Ulusi ukaduka, ankati wa kutsidya suduka. Magetsi akazima, ankati kutsidya jenereta imadzuka yokha munthu usanaphethire. Tsiku la malipiro ndiye kunalibe mtendere. Envulopu ankaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kunena kuti kutsidya zoterezi amapatsa wosesa, tsono wosesa wake waulesi.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wovala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankakhala okha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Ntchito yawo inali makolala, imene ena onse ankaithawa, ndipo ankasoka osayang'ana singano. Maso awo ankakhala pa chitseko.

Amene ankawamvetsera kuposa onse anali mtsikana wosokerera mabatani, yemwe anzake ankamutcha Wamabatani. Anali ndi khanda, mwana wake woyamba, ndipo chibadwire mwanayo mtima wake unali usanakhalepo pansi. Mwana akangotsokomola, iye ankaona kale chipatala. Masana alionse apongozi ake ankabwera naye pa khomo la fakitale, iye n'kutuluka, kukhala pa mulu wa makatoni pakhonde, kuyamwitsa uku dzanja linalo likunyema buledi. Lamulo lomuloleza panalibe. Kungoti chitseko chinkakhala chotsekula, ndipo kapitawo ankayang'ana kumbali.

Vuto linali kunyumba, ndipo anadziputira yekha. Tsiku lina anafotokozera mwamuna wake nkhani za a Kutsidya, pongocheza. Mwamunayo, wowotcherera zitsulo amene ntchito inkamupeza mwa apo ndi apo, anazigwira ndi manja awiri. Ankati mwana amusiye kwa agogo ake, amuyambitse mkaka wa m'chitini, iye awoloke malire kwa chaka chokha, abwereko ndi malata a nyumba. Apongozi ankathira ndemanga kuti iwo analera ana odzaza nyumba, ndiye kamodzi aka kangawakanike bwanji. Wamabatani ankangomufinya mwana pachifuwa mpaka kumuliza.

Choncho anaganiza zofunsa bwinobwino, kuti adziwe chenicheni. Koma kufunsa a Kutsidya kunali ngati kutunga madzi ndi dengu. Atafunsa za lendi, anati ndi yokwera, koma nyumba zake ndi nyumba. Atafunsa za maola, anati ndi ambiri, koma munthu umaona chimene ukufera. Atafunsa za munthu akadwala, anati kutsidya anthu sadwaladwala ngati kuno. Atafunsa za azimayi a makanda, a Kutsidya anapinda kolala, n'kuyamba kutamanda makina a kumeneko amene amadula ulusi okha. Pomaliza mtsikanayo anafunsa chimene anabwerera ngati kunali kokoma chotero.

"Mwana wanga, mabatani akukudikira," anatero a Kutsidya.

Wamabatani anabwerera pamalo pake akukukuta mano. Koma munthu wamantha ali ndi maso, ndipo panali chinthu chimodzi chimene iye ankachiona. M'mawa uliwonse a Kutsidya ankafika oyamba, kutola theka la njerwa kuseri kwa thanki ya madzi, n'kutchingira nalo chitseko chachitsulo kuti chisatsekeke. Kaya kunja kuli fumbi, kaya mvula ikuwazira nsalu, njerwa inkakhala pomwepo. Wina akaichotsa, makina awo ankaima mpaka itabwerera. Ngakhale kuchimbudzi sankakhoma. Ankangoimba nyimbo kuti anthu adziwe kuti muli munthu, ndipo mayi wosita zovala, wapakamwa ngati wailesi, ankati kutsidya zimbudzi zake zili ndi kwaya. Onse ankafa nacho chiseko, kupatula Wamabatani.

Nyimbo ya malipiro a kutsidya itaimbidwa nthawi yaitali, azimayi anayamba kung'ung'udza, ndipo kung'ung'udzako kunafika kwa bwana. Tsiku lina kapitawo anaimitsa makina onse. Anati bwana wamva, ndipo anapitako yekha kutsidyako kukaona. Malipiro akwera, osati kufika pa a kumeneko, koma akwera ndithu. Kungoti amene akufuna ndalama za kutsidya agwirenso ntchito ngati kutsidya: kulowa m'mawa, chitseko kukhomedwa, kutsekulidwa madzulo. Chakudya azidyera pa makina. Kutulukatuluka kukuchedwetsa ntchito, ndipo nsalu zikumera miyendo.

Azimayi anaomba m'manja. Wosita uja anati a Kutsidya awaombola, kutsidya kwabwera kokha popanda wina kukwera galimoto. A Kutsidya sanaseke. Wamabatani anakweza dzanja ngati akadali m'kalasi, n'kufunsa za mwana wake.

"Kutsidya ana amayamwa amayi awo akaweruka," anatero kapitawo. "Funsani akuluakulu ali apawa, ndi amene amakudziwa."

M'mawa mwake kapitawo anakankha njerwa ija ndi phazi, kukoka chitseko, ndipo loko anamveka kunja kuti khetye. Makina analira monga mwa masiku onse, koma a pafupi ndi khomo anali zii. A Kutsidya anangokhala, manja ali pa maondo, thukuta likutsika m'khosi. Maovolosi opanda makolala anayamba kuunjikana. Wosita anawafunsa ngati kutsidya amalipira anthu pongokhala.

Dzuwa litafika pamutu, Wamabatani anamva kulira kumene akanakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Apongozi anagogoda, kuitana, kugogodanso. Iye anathamangira pa chitseko, kuchikankha ndi phewa, kuika diso pa mng'alu. Anangoona kachipewa ka mwana ndi kamwendo kakupalasa. Kapitawo anali atapita kukadya, kiyi ali m'thumba. Mkaka unatuluka wokha, kunyowetsa diresi mpaka m'chiuno. Ankamuitana mwanayo kudzera pa mng'alu, ndipo mwana pomva mawu a mayi ake ndiye analira ngati akumudula.

Anatembenuka. A Kutsidya anali pomwepo, pafupi moti akanatha kuwakhudza.

"Mayi, ndinakufunsani zonse. Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa za lendi ndi za maola. Za chitseko sunafunse."

A Kutsidya anakwinya mkono wa malaya kuti apukute nkhope. Kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono khungu linali lokwinyika, lonyezimira ngati pulasitiki yosungunuka. Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa sopo. Kufakitale ya kutsidyako waya wa magetsi unayaka m'chipinda chositira, chitseko chili chokhoma. Wosunga kiyi anali atapita kukadya. Iwo anatulukira pa zenera limene anthu odutsa mumsewu anathyola ndi zitsulo, ndipo ena a pa mzere wawo sanatuluke. Anatsitsa mkono wa malaya, kumanga batani lake.

"Koma ndalama zinali zabwino," anawonjezera, ngati wina wawatsutsa. "Ndalama zokha zinali zabwino ndithu."

Wamabatani anamva dzanja lake likuyabwa. Akanakhala msinkhu wake akanawamenya khofi. Pamene kapitawo ankabwera akutokosa m'mano, mwana anali atalira mpaka kugona, ndipo apongozi anali atabwerera naye.

Tsiku lotsatira kiyi anakana kulowa mu loko. Kapitawo atamugwedeza, munagwa tizidutswa ta singano zothyoka. Anagula loko wina, nayenso mawa lake anadwala matenda omwewo. Anafunsa mzere ndi mzere, koma m'fakitale yosoka aliyense amathyola singano. Bwana atatopa anati basi, chitseko chikhale chotsekula, ndipo malipiro akhalenso momwe analili. Njerwa inabwerera pamalo pake.

Mkwiyo wa azimayi sunagwere bwana, sunagwerenso a Kutsidya. Unagwera Wamabatani, amene ankamuganizira kuti ndiye ankathyolera singano mu loko. Ankati kamwana kake kawadyera ndalama kasanamere ndi mano omwe. Wosita ankati akadzakula adzawagulire malata onse. Amene anamva nkhani ya moto ija ankati zimenezo n'za kutsidya, kuno waya wake ndi wina. Buledi wake anayamba kudya yekha.

Kunyumba nako mwamuna anayambiranso nyimbo yake. Wamabatani anamufotokozera za mkono wa a Kutsidya, za kiyi wa m'thumba, za mng'alu wa chitseko. Mwamunayo anati moto umabuka paliponse, ngakhale m'nyumba mwawo momwemo, ndipo munthu woopa moto sangaphike.

"Ndiye pitani ndinu, bambo ake," anatero Wamabatani. "Kutsidya zitsulo ziliko. Ine mwana sindimusiya."

Mwamuna anayang'ana kudenga, n'kunena kuti mapepala owolokera malire ndi ovuta masiku ano. Apongozi anati atsikana a lero sukulu yawo yatheka ija imangowaphunzitsa kuyankha. Komabe masana otsatira anabwera naye mwana, nkhope ili gwa, n'kumupereka osapereka moni.

Wamabatani anakhala pa makatoni paja, kumuika mwana kubere. Malipiro anali omwe aja, lendi inali pakhomo, anzake sankamulankhula. Kudzera pa chitseko chotsekula ankaona phazi la a Kutsidya, lina pa makina, lina litaponda njerwa. Mawu awo ankamveka pamwamba pa phokoso lonse, akuuza mzere wonse kuti singano za kutsidya sizithyokathyoka ngati zinyalala amagula kunozi.